Manja Oyankha a pa Bwinja

Mukadzaona mwana wa ku Mphandadzuwa atagwira kamera, mudzayang'anitsitse manja ake. Asanayambe kujambula amaomba m'manja kamodzi, monga amachitira onse odziwa ntchitoyi. Koma akamaliza amaombanso, katatu, zikhatho zitapindika ngati akutunga madzi, mutu atazolika pang'ono. A m'tauni akaona zimenezi amaseka, amati ndi chimidzi. Alekeni aseke. Inu khazikikani bwinobwino, mumve kumene khalidweli lidachokera, pakuti silidachokere m'buku.

Mayi Elube Kamtedza adafika pasukulu ya Mphandadzuwa mwezi wa Seputembala, ali pa kabaza, chikwama chakuda atachifukata ngati khanda. M'chikwamamo mudali kamera imodzi, laputopu, zomvera za m'makutu, ndi kachipangizo kojambulira mawu kokhala ndi mutu waubweya, kamene ana adakatcha Khutu tsiku lomwelo. Zidazi zidali zobwereka ku bungwe lina, ndipo pangano lake lidali losakuluwika: ana apange kanema wawo, makolo amuone, komiti ya sukulu ivomereze kuti kalasiyo ipitirire. Komiti ikakana, chikwama chikwerenso kabaza, chipite kusukulu ina, chisadzabwerenso.

Elube sadapondeko ku koleji. Sukulu adalekezera Sitandade 8, ndipo luso la kamera adalitola yekha ndi maso, ali wonyamula zingwe wa mkulu wina wojambula maukwati ku Mponela amene sankamulola ngakhale kupukuta fumbi pakamerayo. Adayang'ana, adaloweza, adafunsa kumene ankamuyankha, mpaka tsiku lidafika loti maukwati ndi zinkhoswe za dera lonselo zinkadikira iye. Aphunzitsi a pa Mphandadzuwa adazimva zimenezi, ndipo m'chipinda chawo ankamutchula kuti "mayi wa maukwati". Elube ankamva ndithu. Yankho lake lidali suti yositidwa mpaka kuthwa, khosi lowongoka, ndi kufika pantchito belu lisanalire. Kugwada ndiye sankagwadira munthu. Ankati wogwira kamera akagwada amajambula nsapato.

Adamupatsa ana khumi ndi awiri a Sitandade 7, ndi chipinda chakumapeto chimene chidali ndi sola. Ha, chisangalalo cha ana amenewo! Tsiku loyamba kudziona pa laputopu adakuwa mpaka ahedi, a Chidzanja, adatuluka mu ofesi akuganiza kuti mwalowa njoka.

"Madamu," adatero Zondiwe, mnyamata wamiyendo yaitali amene pakamwa pake sipankatsekeka, "mutu wangawu ndi waukulu chonchi, kapena kamerayi ili ndi vuto?"

"Kamera sinama, iwe," adayankha Mwandida, mtsikana wofatsa koma wa lilime lakuthwa. "Ife takhala tikupirira nawo mutuwo chiyambire Sitandade 1."

Pasanathe masabata atatu, Zondiwe adali atadziwa kugwira kamera osanjenjemera, zigongono atazipanikiza m'nthiti. Mwandida adakhala mwini Khutu, pakuti ankamva zimene anzake sankamva: nkhuku yolira kuseri kwa chimbudzi, njinga yodutsa kumsewu, mimba ya Zondiwe. Elube akawaona akulimbirana kudula zithunzi pa laputopu, mtima wake unkadumpha ngati wa mwana, ngakhale nkhope ankaisunga youma.

Ndipo adawaphunzitsa chinsinsi cha kuomba m'manja.

"Tamverani," adatero. "Kamera imaona, Khutu limamva, koma awiriwa sadziwana. Tikafuna kuti milomo ya munthu igwirizane ndi mawu ake, timaomba m'manja kamodzi pamaso pa kamera tisanayambe. Onani apa."

Adaomba, phaa! Kenaka adawaonetsa pa laputopu mzere wa mawu, woyenda ngati mapiri aang'onoang'ono, ndipo pamalo pamene adaombapo padali chinthu chosongoka chachitali.

"Munga!" adakuwa Zondiwe.

"Eya, munga. Ukapeza munga, n'kuuika pamene zikhatho zakumana pachithunzi, basi, ukwati wa maso ndi makutu watheka."

Nkhani ya kanema wawo adasankha ana eni ake. Kutsidya kwa dambo kuli bwinja, pamene padali mudzi wa makolo awo anthu asanasamukire kufupi ndi msewu zaka makumi asanu zapitazo. Ana adafuna kujambula malowo, n'kutcha kanemayo Kumene Tidachokera. Elube, munthu wosamala, adakafunsa kwa ahedi ngati kumeneko n'koletsedwa.

"Si kumanda, mayi, ndipo si malo a mwambo," adatero a Chidzanja osadzutsa mutu pa zolemba zawo. "Ndi mitengo ya mango ndi mapale basi. Pitani, koma ana abwere dzuwa likadali pamwamba."

Adapita Lachitatu masana, maphunziro atatha, Okutobala ataotcha nthaka mpaka kung'aluka. Ana adayenda akuimba. Pabwinjapo adapeza mitengo ya mango isanu ndi umodzi itazungulira bwalo, milu ya dothi pamene padali nyumba, mapale ali mbwee, ndi mphero yaikulu yokumbika pakati, ili pansi pa mtengo waukulu koposa. Nyenje zinkalira mogonthetsa m'kutu.

"Madamu, phokosoli litiwonongera mawu," adadandaula Mwandida, zomvera zili m'makutu.

"Tiyesa momwemo. Zondiwe, loza pa mphero."

Elube adaima chiriri pakati pa bwalo, patsogolo pa mphero, natambasula manja. Phaa!

"Chete!" adalamula, monga ankachitira nthawi zonse pofuna kuti ana asiye kunong'onezana.

Nyenje zonse zidaleka kulira nthawi imodzi, ngati wina wazitsekera m'botolo.

Ana adayang'anana, kenaka adaphulika kuseka. "Madamu ndi oopsa! Ngakhale nyenje zikuwamvera!" adatero Zondiwe. Elube naye adamwetulira, chinthu chosowa. Sadajambulepo pamalo a bata lokoma chotero. Adajambula mphero, adajambula mapale, adajambula Mwandida akufotokoza za mudzi wakale. Kasanu ndi kawiri Elube adaomba m'manja, kasanu ndi kawiri adati chete. Atamaliza adalongedza zida, nanyamuka ulendo, ana akukambirana kale za mmene adzatchukire.

Pakati pa dambo adakumana ndi mkulu wina atavala nyakula, nsalu yodzikulunga ya amuna akale, nkhwangwa ili paphewa, wosavala nsapato. Palibe mwana amene adamuzindikira, chinthu chachilendo kudera limene aliyense amadziwa ngakhale mbuzi za mnzake. Mkuluyo adapatuka m'njira, nanjuta m'udzu, naomba m'manja pang'onopang'ono uku akuyang'ana Elube, ngati munthu amene akudikira mawu.

"Wawa," adatero ana podutsa. Zondiwe adamuloza ndi kamera mobisa. Elube adangogwedeza mutu, napitirira. Atafika kusukulu adapeza kuti kachivindikiro ka diso la kamera kasowa. Zondiwe adalumbira kuti adakaika m'thumba la chikwama, ndipo adakhuthula matumba ake onse, mudatuluka legeni ndi chitsononkho chokha.

Mawa lake adakhala mozungulira laputopu kuti alumikize mawu ndi zithunzi. Mwandida ndiye adali pa batani.

"Madamu, minga ilipo iwiri."

"Ndidaomba kamodzi."

"Koma ilipo iwiri. Onani."

Idalipodi iwiri. Woyamba wautali, woonda. Wachiwiri, patangopita kanthawi kopumira kamodzi, wamfupi, wonenepa. Adauseweretsa. Phaa! Kenaka, chapatali pang'ono, phuu.

"Amenewo ndi mawu obwerera," adatero Elube. "Phokoso likagunda phiri kapena khoma limabwerera."

"Pabwinja palibe khoma, madamu," adatero Mwandida mwaulemu. "Komanso inu mumaomba manja atawongoka. Uyu waomba atapinda."

Adatsegula chojambula chachiwiri. Minga yoyankha idali itatu. Chachitatu, isanu. Pofika chachisanu ndi chiwiri, kuseri kwa munga wa Elube kudali mpanda wathunthu wa minga, ndipo ataumvetsera udamveka ngati mvula yoyamba pa denga la udzu: manja ambiri, aamuna ndi aakazi, akuomba mwakachetechete, mogwirizana, n'kuleka pamodzi pomwe mawu a Elube adati chete.

Zondiwe adafunafuna chithunzi cha mkulu wa nyakula uja. Adachipeza. Padali njira, padali dambo, padali udzu utagona mozungulira ngati pakhala munthu. Munthuyo ndiye padalibe.

Mukuganiza kuti ana adathawa? Ayi ndithu. Adalumpha! "Tajambula zimene a pa TV sadajambulepo!" adakuwa Zondiwe akuvina. Ena adafuna kubwerera tsiku lomwelo. Mwandida yekha ndiye adavula zomvera, nazigoneka patebulo mosamala ngati dzira.

"Zimenezi zisatuluke m'chipinda muno," adatero Elube. Kunena zotero kwa ana khumi ndi awiri! Dzuwa lisanalowe nkhani idali itafika kuchigayo, kumjigo ndi kubwalo la mpira.

Lolemba adafuna kujambula mawu ofotokozera ali m'kalasi momwemo. Elube, pofuna kuonetsa kuti palibe choopa, adaima patsogolo naomba, phaa! Palibe amene adamva kanthu ndi makutu. Koma Mwandida, amene adali atavala zomvera, adatembenuka pang'onopang'ono, nayang'ana benchi yakumbuyo, imene padalibe munthu.

"Ayankha, madamu," adanong'ona. "Ali muno."

Kuyambira tsiku limenelo, tinthu ting'onoting'ono tidayamba. Chikwama chakuda chinkanunkha utsi wa nkhuni ndi fodya wa m'mphuno, chonsecho chinkagona m'kabati yokiya. Pa benchi yakumbuyo fumbi silinkakhalapo, ngakhale panalibe woipukuta. Pansi pake, pa simenti, ankapeza mapazi a anthu osavala nsapato, zala zotakasuka, atandandalika bwino, onse ataloza kutsogolo kumene Elube ankaima. Eni mapaziwo sadagwetse kanthu, sadatsine mwana, sadazimitse laputopu. Kungoti m'chojambula chilichonse, pakakhala kabata pakati pa mawu, pankamveka wina akukonza kukhosi, mofatsa, kamodzi kokha.

Lachiwiri kudabwera ana asanu ndi anayi. Lachitatu, asanu ndi awiri. Makolo adali atayamba kuletsa.

Masana a Lachitatu lomwelo chitseko chidatseguka popanda odi, ndipo adalowa a Nachisale, wapampando wa komiti ya sukulu, mayi wamkulu thupi, mwini chigayo, ufa uli m'nsidze. Iwowa adabadwira pabwinja paja, ndipo adachokapo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Pamudzi ponse palibe amene ankawaposa kukamwa.

"Mayi wa maukwati ndinu?"

Elube adaimirira, nakonza kolala. "Ndine Mayi Kamtedza, mphunzitsi wa kanema. Takulandirani."

"Kulandirana tilandirana bwino. Ndimvetseni zimene mwatitengera kutsidya."

Mwandida adaseweretsa zojambula zonse zisanu ndi ziwiri. A Nachisale adamvetsera chiimirire, manja ali m'chiuno. Pofika pa chomaliza, manja aja adali atatsika.

"Waomba poyambayo ndani?"

"Ine."

"Pati?"

"Pakati pa bwalo, patsogolo pa mphero."

"Chiimirire?"

"Ntchito yathu timagwira chiimirire, mayi."

"Mutaomba, mudanena chiyani? Ndamva, koma ndifuna ndimve pakamwa panu."

"Ndidati, chete," adayankha Elube.

A Nachisale adaomba ntchafu. "Mayo ine! Anthuni, tamvani zodabwitsa za ophunzira! Munthu wafika pakhomo pa eni ake, waima pabwalo, waomba m'manja. Akuluakulu asiya zimene amachita, abwera, ayankha mwaulemu. Iye n'kuwauza kuti chete! Kasanu ndi kawiri! Ndiye mumati atani? Akhala chete, monga mudawalamulira. Akudikira nkhani imene mudawaitanira. Mudanyamuka osaitula, osatsazika, ndiye akutsatani kuti mwina mukaitulira kuno."

"Kuomba kwathu n'kwa ntchito. N'kolumikizira mawu."

"Mudawauza zimenezo iwowo? Pano munthu saomba m'manja pabwalo pa eni popanda nkhani. Ngakhale Zondiwe, ndi mutu wakewo, akudziwa."

"Agogo, mutu wanga walakwanji?" adadandaula Zondiwe.

"Iwe khala chete. Ona, nanenso ndayamba!" A Nachisale adatembenukira kwa Elube. "Komiti ikumana Lachisanu. Ine ndikanena kuti chikwama chanucho chipite. Ana athu asamaphunzire ndi alendo kumbuyo kwawo."

"Nanga ndikapita kukakonza?"

"Inu? Mungagwade inu, ndi suti imeneyo? Mudzandiitane ndidzaone."

Adatuluka, nasiya kafumbi ka ufa pakhomo.

Ana atapita, Elube adatsala yekha, dzuwa likulowa pawindo mopendekeka. Mtima wake udali ukuwira. Iye, amene adadzikoka yekha kuchoka pa zingwe mpaka kutchedwa mphunzitsi, akagwade pafumbi pamaso pa ana, kulankhula ndi mitengo ya mango? Aphunzitsi a m'chipinda chija adzaseka mpaka teremu yamawa. Kuli bwino anyamule chikwama yekha, achoke khosi lili chiwongokere.

Adayamba kukulunga zingwe. Kumbuyo kwake benchi idalira, kwee, monga imalirira munthu akasintha kakhalidwe atatopa. Kenaka wina adakonza kukhosi. Ulendo uno sadamvere m'Khutu. Adamva ndi makutu ake.

Manja ake adaima. Kukonza kukhosi kumeneko adakudziwa. Adakumva kambirimbiri pa zinkhoswe, ali kuseri kwa kamera: akuchikazi akhala pamphasa, akuchimuna aomba m'manja, onse ayankha, ndipo pakhala bata. Woitanayo akachedwa kuyamba, nkhoswe yaikulu sikalipa, sifunsa. Imangokonza kukhosi, kamodzi, kutanthauza kuti tilipo, tikumva, yambani. Anthu amenewa sadabwere kudzaopseza. Adakhala sabata yathunthu pa benchi ya ana, mwaulemu, kudikira mayi amene adawaitana.

Manyazi amene adamugwira sadali a kugwada. Adali a munthu wodziwa mwambo amene wasunga alendo osawalankhula.

Sadatembenuke. Adangoti, mawu ali pansi, "Mawa masana. Kwanu komwe."

Benchi idaliranso kamodzi, basi.

Lachinayi m'mawa Elube adapempha ahedi kuti amubwereke ana asanu ndi awiri aja, ndipo chipinda chakumapeto chidasanduka chigayo. Wina akudula, wina akulemba mayina, wina akuthamangira kukaona ngati sola ikudzaza batire. Mwandida adafunsa ngati achotse minga yoyankha ija.

"Isiye," adatero Elube. "Ndi mawu a eni nkhani."

"Ndiye tiwalembe pa mayina a ojambula, madamu?" adafunsa Zondiwe.

"Lemba kuti: Ndi chilolezo cha eni bwalo. Chilolezocho tikukachipempha lero."

Dzuwa lili paliwombo adanyamuka. Patsogolo Elube ndi laputopu, pambuyo pake ana, kenaka a Nachisale, amene adati abwera kudzaona mapeto a chipongwe. A Chidzanja adatsatira ndi ambulera, akunena kuti iwo angoperekeza ana monga mwa udindo. Ana asanu oletsedwa aja adatulukira m'chinangwa, nalowa pamzere mosafunsa. Powoloka dambo palibe amene adaimba. Udzu wouma unkalira kumbuyo kwa a Chidzanja, tswa, tswa, tswa, mapazi ambiri, ndipo ahediwo adafulumira mpaka adapezeka ali pakati pa ana.

"Aphunzitsi aakulu, mwatopa ndi kumbuyo?" adafunsa a Nachisale.

"Ndikufuna mthunzi, mayi."

"Ambulera muli nayo m'manja."

Pabwinja nyenje zidali chete kale. Elube adaika laputopu pa mphero, naitembenuza kuti iyang'ane bwalo lopanda anthu. Adauza ana kuti akhale pansi chakumbali, asiye malo apakati. Adauza Mwandida kuti ayatse Khutu. Kenaka adatulutsa chitenje m'chikwama, nachimanga pamwamba pa suti, navula nsapato.

Adagwada.

Zondiwe, amene adali atakweza kamera, adaitsitsa yekha osauzidwa.

Elube adapinda zikhatho, naomba pang'onopang'ono, phuu, phuu, phuu. Ndipo adalankhula, ndi mawu amene adawasunga m'mutu zaka khumi ndi zisanu za zinkhoswe, mawu amene palibe mphunzitsi wa m'chipinda chija akadawayala chotero.

"Zikomo eni bwalo, zikomo akuluakulu, amayi ndi abambo. Ine ndine mlendo, mwana wa kwa Kamtedza, wochokera ku Mponela. Ndidafika pakhomo panu osapempha malo. Ndidakuitanani chiimirire, inu mudayankha. Ndidakuuzani mawu osayenera kuuza wamkulu, inu mudapirira. Ndidachoka osatsazika, inu mudandiperekeza. Kulakwa konseku n'kwanga, ana awa alibe mlandu. Tsono nkhani imene ndidakuitanirani ndi iyi. Zidzukulu zanuzi zaphunzira luso latsopano, losunga nkhope ndi mawu kuti zisatayike. Titazifunsa kuti ziyambe kusunga chiyani, sizidasankhe msewu, sizidasankhe mpira. Zidasankha kwanu kuno. Tabwera kuti muone ntchito yawo inu poyamba, makolo awo asanaone. Mukaikana, tiifufuta pomwe pano. Ndatula."

Adagwedeza mutu, ndipo Mwandida adakanikiza batani. Asanabwerere pamalo pake, mtsikanayo adavula zomvera zolumikizidwa ku Khutu, nazipereka ndi manja awiri kwa a Nachisale.

"Za chiyani zimenezi?"

"Mungomvera, agogo. Ine zandikulira."

Kanema adayamba. Mphero idaoneka pa laputopu itakhala pa mphero yomweyo. Mawu a Mwandida adamveka akutchula mabanja amene adakhala pamenepo, monga adawafunsira kwa makolo. Mapale adaoneka pafupi kwambiri, mpaka mizere imene woumba adalemba ndi kamtengo. Palibe tsamba limene lidagwedezeka. Koma ana adaona kuti fumbi la pakati pa bwalo, pamene adasiya malo, lidali likudindika pang'onopang'ono, apa ndi apo, chifupi ndi laputopu, monga anthu amasenderera akafuna kuonetsetsa.

Mphindi zisanu ndi ziwiri zidatha. Mayina adakwera. Chithunzi chidada.

Bata limene lidatsatira, Elube sadzaliiwala. Adali chigwadire, maondo akupsa ndi dothi, thukuta likutsika m'khosi, osadziwa ngati wakhululukidwa. Ndi makutu sadamve kanthu. Koma adaona a Nachisale atagwira zomvera ndi manja onse awiri, pakamwa pali yasa. Mayi wa chigayo uja, woopedwa ndi mudzi wonse, adatembenukira ku mulu wina wa dothi kumanzere kwa mtengo waukulu, nayankha ndi kamawu kakang'ono, ka mwana woitanidwa akusewera:

"Wee, amayi?"

Adamvetseranso kanthawi. Kenaka adavula zomvera, napukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, ufa ndi misozi zitasakanikirana.

"Mukuyang'ana chiyani?" adakalipira ana. "Simudaonepo munthu atalowa fumbi m'maso? Mayi Kamtedza, tsazikani, anthu apume."

Aka kadali koyamba kumutchula ndi dzina. Elube adapindanso zikhatho.

"Zikomo eni bwalo. Nkhani yathu yathera pamenepa. Ife tikupita, inu tsalani bwino."

Phuu, phuu, phuu. Ana onse adaomba naye, ndi a Chidzanja omwe, ambulera ataipanira m'khwapa.

Nyenje imodzi idayamba, ina idalandira, kenaka mitengo yonse isanu ndi umodzi idalira mpaka kugonthetsa. Zondiwe adanyamula laputopu pa mphero, nakuwa. Pansi pake, pokumbika pa mphero paja, padali kachivindikiro ka kamera, kopukutidwa bwino.

"Ndidanena ine kuti sindidataye! Mundipepese nonse, kuyambira Mwandida!"

Pobwerera ana adaimba mpaka kusasa mawu, ndipo udzu wa kumbuyo kwawo udali zii.

Lachisanu makolo adadzaza chipinda mpaka ena adaonera pawindo. Kanema adamuonetsa katatu, chifukwa aliyense adafuna kuonanso mwana wake ndi phale la agogo ake. Komiti itakhala pansi, a Nachisale sadadikire kuti apatsidwe mpata.

"Chikwama sichipita kulikonse. Wotsutsa akagayitse kwina." Adayang'ana uku ndi uku, palibe adatsutsa. "Koma lamulo ndi limodzi. Mwana aliyense wa pano akaomba poyamba, aziombanso pomaliza. Kaya akujambula munthu, kaya mbuzi, kaya chulu. Simudziwa amene wayankha."

Anthu atabalalika, Elube ndi Mwandida adatsegula zimene Khutu lidajambula Lachinayi lija. Mzere wa mawu udaonetsa zonse: kuomba kwa Elube, malonje ake, kanema, kenaka chigwa chosalala cha bata. Chakumapeto kwa chigwacho, a Nachisale atangotsala pang'ono kuyankha, padali kaphiri kamodzi kakang'ono, kofatsa, kotalika ngati dzina la mwana.

Chala cha Mwandida chidayandama pamwamba pa batani. "Timvere, madamu?"

Chitseko chidagogodwa. "Odi," adatero a Nachisale, ndipo adadikira mpaka atayankhidwa. Adalowa, nayang'ana kaphiri kaja nthawi yaitali.

"Dzina limenelo adalidziwa ndi anthu awiri okha," adatero. "Mmodzi ndine. Kodi makina anuwa angathe kusunga chinthu osachimvetsa kwa wina?"

"Angathe, mayi," adayankha Elube.

"Ndiye mundisungire. Tsiku lina ndidzabwera kudzamveranso."

Elube adasunga, natseka laputopu. Kenaka iye ndi Mwandida, osapangana, adapinda zikhatho, naomba katatu.